Diso la Nachisale

Johannesburg,
11 Febuluwale 2024

Okondedwa Amayi,

Moni wochokera kuno ku Joni. Ine ndili bwino, kaya inu kumeneko ku pulazi? Achimwene a Mcloud, poti ndinu mukuwerenga kalatayi, khalani mbali ya khutu lakumanzere ndipo mukweze mawu. Moni kwa alamu anga a Tecla ndi ana.

Amayi, foni munaikana, mukuti mumangomvamo njuchi. Chabwino, ndagonja, ndizilemba. A Forget oyendetsa basi avomera kumanyamula makalata athu n'kumawatsitsa pa mashopu a Trelawney.

Munafunsa kuti sukulu yanga yosathayi ndimachitako chiyani, popeza jakisoni sindibaya. Ntchito yanga ndi yanu yomweyo, ndimagiredi. Inu mwatha zaka makumi atatu ndi zinayi m'shedi mukusankha fodya potengera mtundu wa tsamba, uyu lemoni, uyu olenji, uyu mahogane woderapo. Ine ndimasankha tizidutswa ta zotupa zimene madokotala achotsa mwa amayi odwala khansa ya m'thumba la mazira. Thupi lathuli linalukidwa ndi ulusi wa mapuloteni, umene umagwira chiwalo chilichonse pamalo pake. Ndiye pali tinthu tosaoneka ndi maso, totchedwa maenzaimu, timene timadya ulusiwo monga chiswe chidyera mpanda. Tonse tili nato ndipo tili ndi ntchito yake, koma zotupa zina zimatulutsa tambirimbiri, khansa n'kupeza podutsira. Ndikathira mankhwala pa kachidutswa, pamene pali timaenzaimuti pamasanduka bulawuni. Ndikatero ndimayang'ana pa makina okulitsa zinthu n'kupereka giredi.

Kusiyana kwake n'kwakuti mahogane wanu amagulidwa, pamene kwa ife kuda kwambiri ndi uthenga woipa. Mwa amayi amene ndawerenga nkhani zawo, ambiri a zotupa zakuda matenda anawabwerera msanga. Tikufufuza ngati mtunduwo ungatithandize kudziwiratu ulendo wa wodwala. Ndaikamo pepala la zithunzi zinayi, kuyambira choyera mpaka chakuda, mukaonetse anzanu a m'shedi kuti mwana wa Nachisale sanataye mtundu.

Za Disembala zikadali momwemo. Ndikamaliza kulemba kafukufuku wanga ndibwera, tipite ku pulazi yathu yakale ku Darwendale tikamange chiliza pa manda a ababa. Pamene ankamwalira tinali ana, kumanda sitinaloledwe, ndipo chaka chotsatira tinachotsedwako. Anzathu a m'komboni muja anabalalika, wodziwa malowo mwatsala nokha. Anthu a m'mapulazife kumudzi tilibe. Agogo anachoka ku Dedza wapansi osabwererako, ndiye mudzi wathu ndi manda amenewo. Bwanji muwafotokozere achimwene ajambule mapu, tikhale nawo?

Komanso a Tecla anandiuza pafoni kuti masiketi akukuthinani m'chiuno, koma chakudya mukungolawa n'kukhuta. Chonde pitani kuchipatala.

Ndine mwana wanu,
Jesinta


Trelawney,
3 Malichi 2024

Jesinta mwana wanga,

Akulemba ndi Mcloud, akuyankhula ndi ine mayi ako. Kalata yako tinailandira. Kuno tili bwino kupatula dzuwa. Mvula yatinyanyala chaka chino, chimanga cha kuseri kwa komboni chapsa chisanamasule. Fodya wothirira yekha ndiye wachita bwino, shedi yadzaza.

Pepala lako ndinapita nalo kushedi, anzanga analulutira. Koma ndikuuze, chithunzi chachiwiri ndi chachitatu zayandikana mtundu, akanakhala foromani wathu akanakubwezera. Usamasankhe maso atatopa. Ife fodya sitimuweruza padzuwa kapena pagetsi, timapita naye ku windo la kummwera, kumene kuwala sikunama. Pepalalo ndalikhoma pafupi ndi kalendala ya tchalitchi.

Za mapu iwala. Manda si chigayo choti munthu amulembere njira papepala, ndipo salozedwa ndi chala. Ndidzakutengerani kumeneko ndi miyendo yangayi, nonse awiri, Disembala.

Za mimba, Tecla ndi wapakamwa. Kodi munthu akanenepa muukalamba wapalamula? Unditumizireko mafuta aja opaka m'mawondo.

Mayi ako,
Ana Nachisale

Jesinta, izi ndaonjezera ndekha, amayi sakudziwa. Sikunenepa ayi. Manja ndi nkhope zikutha, mimba yokha ndiyo ikukula. Lachiwiri tinawanyengerera mpaka kuchipatala ku Chinhoyi, anawapopa madzi odzaza kabeseni. Atilembera kalata ya ku Harare. Ndikakwera pachulu kukasaka netiweki ndikuimbira. Mcloud.


Trelawney,
14 Epulo 2024

Mlongo wanga Jesinta,

Moni. Ana ali bwino, Tecla akupereka moni. Zvakaoma, zinthu zavuta mlongo wanga, koma Mulungu alipo.

Opaleshoni inachitika monga ndinakuuzira pafoni. Tsopano zotsatira zatuluka. Ndi matenda omwe aja umaphunzirawo. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti anali atafalikira m'mimba, achotsa zimene akanatha. Amayi azilandira mankhwala a m'diripi kasanu ndi kamodzi, milungu itatu iliyonse. Ine ndi Tecla tagwirizana kuwauza kuti chinali chotupa chabe, chatuluka, diripi ndi yotsuka magazi.

Kachidutswa ka chotupa kaja unapemphaka atipatsa. Amayi anadinda chala papepala, ndinawauza kuti ukufuna kuona ndi maso ako. Anaseka, akuti bola asankhidwe ndi mwana wawo kusiyana ndi mlendo. Kali m'kabokosi kapulasitiki, kokutidwa ndi phula ngati la kandulo. Ndakakulunga mu sokosi, a Forget ndawachenjeza kuti asakaike pafupi ndi injini. Kalata ya adokotala ili momwemo.

Amayi akufunsa tsiku lobwerera kushedi. Akuti atsikana atsopano akusakaniza olenji ndi lemoni, pulazi ichita manyazi ku okushoni.

Mchimwene wako,
Mcloud


Johannesburg,
12 Meyi 2024

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndikukhulupirira kuti diripi yachiwiri mwaipirira. Achimwene, kalata iyi muwerenge yonse, mawu ndi mawu.

Amayi, ndalemba n'kung'amba kanayi. Munandiphunzitsa kuti wosankha fodya sabisa tsamba lowola pakati pa belo, choncho sindikubisirani. Chotupa chija ndi khansa ya m'thumba la mazira, ndipo inali itayenda kale. Aphunzitsi anga anavomera kuti tiyeze kachidutswa kanu. Sanandilole kuti ndigwire ndekha, anati mwana sayeza mayi wake, ndiye anachita ndi mnzanga. Atamaliza anandiitana n'kungondisiyira mpando. Ndaona zithunzi zoterezi zoposa mazana atatu osagwetsa msozi, chifukwa zinali nambala chabe. Tsiku limenelo ndinaona inu, ndinalira mpaka galasi la makina linachita nkhungu.

Giredi yanu ndi yomaliza ija, yakuda. Timaenzaimu todya ulusi tija tilipo tambiri.

Mundimvetse bwino. Ine si mneneri, ndipo kuyeza kumeneku kukadali pa kafukufuku, madokotala sanayambe kukudalira. Sikunena tsiku la munthu. Alipo amayi a giredi yomweyi amene akhala zaka, ndipo ndikupemphera kuti mukhale mmodzi wa iwo. Diripi musasiye ngakhale ikukusanzitsani. Koma ndikaphatikiza mtunduwu ndi zimene adokotala alemba, ndikuopa. Ndikuopa kuti pofika Disembala miyendo yanu siidzatha kuyenda m'minda ya ku Darwendale.

Ndiye pempho langa ndi ili: tisadikire Disembala. Mlungu umene mukumva mphamvu, pitani ndi achimwene mukawaonetse pamene pagona ababa ndi agogo. Ine ndikanabwera lero lomwe, koma chitupa changa chokhalira kuno chili kokonzedwanso. Ndikatuluka m'dziko chisanatuluke, mwina sadzandilolanso kulowa, zaka zinayi za sukulu n'kugwera m'madzi. Musandidikire. Achimwene akadziwa malowo, nanenso ndadziwa.

Ndaikamo chithunzi cha kachidutswa kanu. Achimwene, chimenecho mukawapatse adokotala pamodzi ndi pepala lachingerezilo.

Ndimakukondani, Amayi. Kwathu sitinazolowere kunena mawu amenewa, koma lero ndanena.

Mwana wanu,
Jesinta


Trelawney,
9 Juni 2024

Jesinta mwana wanga,

Moni. Tachedwa kuyankha chifukwa diripi yachitatu inandigwetsa, ndipo Mcloud amangoti cholembera chasowa. Kuzizira kwayamba. Tsitsi latha m'mutu, ndikufanana ndi agogo ako aamuna, koma duku likundisungira ulemu.

Mcloud wandiwerengera kuti iwe wandiyeza ndipo zonse zili bwino, ndizingomwa mankhwala tidikire Disembala. Ndathokoza. Koma kalata yako ndinaigwira m'manja, inali ya masamba atatu, iye anawerenga kanthawi kothira madzi m'kapu. Ndamufunsa, akuti kwinako unkangopereka moni. Sindinadziwe kuti uli ndi abale ambiri chonchi ku Trelawney. Lemba zimenezo Mcloud, usandiyang'ane.

Mcloud wandipatsanso chithunzi, akuti ndi cha chotupa changa, umboni woti ndachira. Ndachiika m'Baibulo. Maso akasiya kuchita chizungulire ndichiyang'anitsitsa.

Simenti ya chiliza tidzagula ukabwera.

Mayi ako,
Ana Nachisale

Jesinta, ndikudziwa ukwiya. Foni yako ndikuiona ikamalira, ndikungoisiya. Kuwawerengera zonse sindinathe. Ndinafika pa mawu aja akuti yakuda, ndinawayang'ana amayi atatchera khutu akumwetulira, lilime linakana. Iwe uli kutali, umaona magalasi. Ine ndimawanyamula akamasanza. Kwathu kuno wodwala sauzidwa za imfa, umamudula miyendo, anthu n'kumati ndiwe wamuitanira. Ndipo ndikangoti tiyeni kumanda mwezi uno, adziwa. Asiye akhale ndi Disembala wawo, ndiye akuwadzutsa m'mawa. Chithunzicho adokotala anachiona n'kundibwezera, ndiye ndinangowapatsa kuti asangalale. Mulibe mawu, ndi mabangamabanga chabe. Mcloud.


Johannesburg,
16 Juni 2024

Achimwene,

Moni, ngakhale mtima wanga suli pa moni. Iyi ndi yanu nokha.

Ndinakwiya, inde. Ndinayenda kuchokera kuntchito mpaka kunyumba wapansi ndikukukalipirani mumtima. Kenako ndinakumbukira kuti mabeseni mukutaya ndinu, ine ndikungotumiza mapepala. Pa zimenezo ndilibe pakamwa, ndipo ndikuthokozani.

Koma taganizani. Mukuti mukuwasungira Disembala. Nanga Disembalayo akadzafika iwo ali chigonere, adzatiuza chiyani? Adzati ana anga munadziwa, munandibera miyezi imene ndikanayenda. Ndipo ababa adzasowa kachiwiri, ulendo uno mpaka kalekale. Ana anu akadzafunsa kuti kwathu n'kuti, mudzawaonetsa munda wa eni? Zengerezu analinda kwawukwawu, achimwene.

Sindingawauze pafoni, samva. Sindingapemphe a Tecla kuti adumphe mawu a amuna awo. Mwatsala inu. Ngati kalata ija ikukulemerani, auzeni m'mawu anuanu, pang'onopang'ono. Moyowo ndi wawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ife tisawatsekere.

Mlongo wanu,
Jesinta


Trelawney,
30 Juni 2024

Jesinta mwana wanga,

Usadabwe ndi kalembedwe. Lero akulemba ndi Tecla, mlembi wakale ndamuchotsa ntchito.

Lolemba ndinadzuka maso ali mbee. Ndinatulutsa chithunzi chija m'Baibulo, ndinazula pepala lako la zithunzi zinayi pakhoma, n'kuuza Tecla kuti andiperekeze kushedi. Tinapuma kawiri panjira. Anzanga anaganiza kuti ndabwerera ntchito, anayamba kundikonzera malo. Ndinati ayi, ndabwera ndi tsamba limodzi lokha. Ndinapita ku windo la kummwera.

Mwana wanga, sindinachedwe. Ndinachiika pambali pa choyamba kuti mwina, ndinachisendeza pa chachiwiri, pa chachitatu ndinaima kanthawi ndikudzinyengerera. Koma diso limene ladyetsa ana awiri silingayambe bodza lero. Ndi mahogane wakuda, wa kumapeto kwenikweni. Ndinakumbukira zimene unalemba za mtundu umenewo. Ndinakhala pa belo.

Mcloud anaganiza kuti poti zilembo sindidziwa, ndiye kuti sindiwerenga. Mwana ameneyu! Anabisa masamba atatu a mawu n'kundipatsa m'manja chinthu chokhacho chimene ndimawerenga kuposa iye.

Titafika kunyumba ndinamuuza Tecla kuti afufuze kalata yako m'jekete la mwamuna wake. Anakana, akuti apongozi mundiphetsa. Ndinati ukwati wako ndiusamala ine, werenga. Anawerenga yonse, akulira, mpaka pa mawu ako omaliza aja. Pamenepo ndinamuuza abwereze kawiri, ndinanamizira khutu.

Sindinakukwiyire, ndipo Mcloud usamukalipirenso. Iye anandibisira chifukwa cha chikondi, iwe unandiuza chifukwa cha chikondi, ine ndi mayi wodala. Madzulo atabwera kuchokera ku mabalani oumitsira fodya ndinamuyalira zithunzi zija pamphasa. Anagwada n'kulira ngati tsiku limene anataya ng'ombe za mzungu ali mwana. Ndinamusisita m'mutu, ndinamuuza kuti akapemphe tchuthi.

Kuopa ndikuopa, ndisaname. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Disembala ali pachala. Tipita ku Darwendale Loweruka la mlungu wachiwiri ikatha diripi ikubwerayi, pamene chakudya chimayambanso kukhala m'mimba. Iwe khala komweko usamale chitupa chako.

Mayi ako,
Ana Nachisale


Trelawney,
14 Julayi 2024

Mlongo wanga Jesinta,

Moni. Tapita, tabwera. Ndikulembera zonse, ndipo ulendo uno sindidumpha kanthu.

Tinakwera lole ya pulazi imene inkapita kukatenga feteleza, amayi kutsogolo, ine ndi Tecla kumbuyo. Pulazi ija sungaizindikire. Komboni yonse palibe, pangotsala simenti ya pamjigo. Paliponse tirigu wobiriwira, makina othirira akuzungulira. Mtima wanga unagwa, ndinati tachedwa ndi zaka makumi awiri.

Mbali imeneyo anapatsidwa mayi wina wa Chishona. Amayi anakhala pansi pakhomo pake n'kuomba m'manja, anafotokoza chimene tadzera. Mayiyo anawayang'ana duku ndi manja aja, anangoti, "Pindai henyu, amai," kutanthauza kuti lowani, amayi. Anatiuza kuti pakati pa munda pali kankhalango ka mitengo ya misasa kamene oyendetsa thalakitala amakana kulima, ndipo iye sanawaumirize.

Amayi anati ayenda okha. Anayenda mwina mapazi makumi asanu, n'kukhala pansi mu tirigu. Anayesanso, miyendo inakana. Jesinta, apa ndi pamene ndinamvetsa kalata yako. Uyu ndi Julayi.

Ndinagwada ndinati kwerani. Anakana, akuti mwana wamwamuna sabereka mayi wake anthu akuona. Tecla anati anthu ake ati, pano pali mbalame zokha. Anakwera. Sindinadziwe kuti apepuka chonchi, thumba la feteleza likulemera. Njira ankandiuza pondigogoda paphewa, kumanja, kumanzere. Pansi sankayang'ana, ankayang'ana kaphiri kena kamiyala ndi chulu china chokhala ndi mkuyu.

M'kankhalangomo munali masamba okhaokha, mitumbira inafafanizika kalekale. Ine ndikanabwera ndekha ndikanangozungulira. Anati nditsitse apa. Anavula nsapato, anakwawa pang'ono, n'kuyamba kupalasa masamba ndi dzanja. Panatuluka kapu yamalata yoboola pansi, yadzimbiri. Ndinaizindikira, ndi ija ababa ankamwera tiyi pa balani. Amayi anati, "A Mbewe, ndabwera ndi mwana wanu, wamera imvi. Wamkazi uja ali ku Joni, akugiredi." Anawafotokozera zambiri, za chilala, za adzukulu, ngati munthu wangobwera kumsika. Kenako anasunthira kumanja n'kutionetsa pa agogo aamuna ndi pa agogo aakazi. Ndakhoma zikhomo zachitsulo zopaka penti yoyera pa onse atatu, ndipo mayi uja walola kuti tidzamange chiliza. Amayi anamupemphanso malo a munthu mmodzi pambali pa ababa. Anavomera, akupukuta maso.

Pobwerera anandiimitsa m'mphepete mwa munda. Anayang'ana nthawi yaitali kumunsi, kudambo la kuseri kwa damu. Ndinafunsa ngati akufuna tipiteko. Anati ayi, iwe sungapite kumeneko, tiye. 

Undikhululukire, mlongo wanga. Ndikanapitiriza nzeru zanga zija, ababa tikanawataya.

Mchimwene wako,
Mcloud


Trelawney,
15 Julayi 2024

Jesinta mwana wanga,

Akulemba ndi Tecla. Kalata iyi tiimata payokha, Mcloud asaione.

Za ulendo wakuuza mchimwene wako. Mtima wanga wakhala pansi, abambo ako apezeka, ndipo pogona panga ndapaona, pali mthunzi wabwino. Koma pali malo amodzi amene sindinaonetse munthu.

Mcloud si woyamba. Asanabadwe iye ndinabereka mwana wamkazi. Anakhala masiku asanu, anapita asanatuluke m'chikuta, dzina asanalandire. Mwana wotere pa mwambo wathu saliridwa maliro, ndipo sagona kumanda a akulu. Amakamuika amayi okhaokha kudambo, mwamuna sapondako, ngakhale bambo wake. Abambo ako anamwalira osadziwa malowo. Ine anandionetsa apongozi anga nditachira, n'kundiuza kuti ndisamutchulenso kuti mimba ina ibwere. Ndinamvera. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi sindinamutchule, koma nthawi zonse tikadali kumeneko ndinkapita kukatema tsekera kudambo lija ngakhale denga lisakudontha. Anali ndi tsitsi lambiri, ngati iwe.

Amayi amene anamuika onse anapita. Loweruka lija ndinafuna kutenga Tecla, koma Tecla ali ndi pakati, sangaponde malo otero. Akuti ndisanene, komatu akulemba yekha. Ndipo ngakhale akanapita, ndani akanandibereka? Msana unalipo unali wa mwamuna.

Sindikukuitana, undimve bwino. Za chitupa chako ndinazimva, ndipo sukulu imeneyo ndinaivutikira ndi maso angawa, usaitaye chifukwa cha ine. Ndangofuna kuti munthu mmodzi padziko adziwe kuti unali ndi mkulu wako. Ukadzabwera Disembala ine ndikadali ndi mphamvu, tidzapita. Zikadzakanika, usadzadziimbe mlandu. Mwanayo wakhala yekha nthawi yaitali, anazolowera.

Mayi ako,
Ana Nachisale


Johannesburg,
21 Julayi 2024

Amayi,

Moni. Aphunzitsi ndawauza, akuti ntchito yanga andisungira, za kumalire a dziko sangalonjeze. Zimenezo tidzaziona.

Kalatayi ifika Lachiwiri, ine ndifika Lachisanu. Musandikalipire, tikiti ndadula kale. Idyani, mupume, musunge mphamvu za kudambo. A Tecla andipezere chitenje cholimba, chachitali, choti n'kuberekera munthu wamkulu.

Mwana wanu,
Jesinta